Mtsinje wa Luangwa

Aphunzitsi ndi ana asukulu, lero tiphunzira za mtsinje wa Luangwa. Inu a ku Petauke ndi ku Nyimba mtsinjewu si wachilendo kwa inu, pakuti madzi a Msanzala ndi a timitsinje tina ta kwanuko amathera m'menemo.

Tatsegulani mapu anu. Ikani chala pa mapiri a Mafinga, kufupi ndi malire a Malawi. Kumeneko ndiko ku gwero lake. Mtsinjewu umayenda makilomita pafupifupi 770 m'chigwa chotentha, nulandira madzi a Lunsemfwa, kufikira utathira mu Zambezi pa boma la Luangwa, limene kale linkatchedwa Feira. Patsidya pake pali Zumbo, m'dziko la Mozambique. M'chilimwe umaphwa ndi kusiya mchenga, koma m'dzinja umasefukira mochititsa mantha.

Kwa makolo athu Luangwa anali njira yobweretsa alendo, abwino ndi oipa omwe. Apwitikizi anakhazikika ku Zumbo m'zaka za m'ma 1700, namagula golide ndi minyanga ya njovu. Pambuyo pake Achikunda anakwera chigwachi ndi mfuti zawo, nagwira Ansenga ambiri ukapolo. M'chaka cha 1835 Angoni a Zwangendaba anaoloka Zambezi kufupi ndi Zumbo, tsiku limene dzuwa linada masana, ndipo anakhala zaka zingapo m'dziko la Ansenga. David Livingstone nayenso anaoloka Luangwa pa mathiriro ake m'chaka cha 1856.

Komanso mtsinjewu unali ngati linga lolekanitsa chigawo cha Kum'mawa ndi dziko lonse. Apaulendo ankaoloka pa mabwato, ali ndi mantha a ng'ona ndi mvuu. Mlatho woyamba unamangidwa m'zaka za m'ma 1930, ndipo umene timaolokapo lero unatsegulidwa m'chaka cha 1968. Chimanga, thonje ndi mtedza za makolo anu zimadzera pamenepo popita ku Lusaka.

Tsono ana inu, kumbukirani kuti mtsinje waukulu umadalira timitsinje tating'ono. Tikatha mitengo ndi kuotcha makala, kapena tikalima mpaka m'mphepete mwa madzi, nthaka imakokoloka ndi kukwirira maiwe a nsomba.

Mukafika kunyumba, kafunseni agogo anu mmene anthu ankaolokera Luangwa kale. Mawa aphunzitsi akuthandizeni kujambula mapu a mtsinjewu, ndipo musaiwale kuikapo kamtsinje ka kwanu.