Dzina la Lundu m'Maseŵero a pa Kompyuta

Nkhani yathu lero ikuchokera pa boma la Mulanje, ndipo ikukhudza dandaulo la akuluakulu ambiri lakuti ana a masiku ano, pokomedwa ndi mafoni ndi makompyuta, aiŵala mbiri ya makolo awo. Dandauloli nlomveka, komabe pali china chimene mwina sichidatifike m'makutu.

Alipo maseŵero otchedwa Europa Universalis IV, amene kampani ya Paradox ya ku Sweden idatulutsa m'chaka cha 2013. Woseŵera amasankha ufumu umodzi pa mapu a dziko lapansi, naulamulira kuyambira mu 1444 kufikira mu 1821, kuchita malonda, kupalana ubwenzi ndi mafumu ena, ndiponso kumenya nkhondo. Pa mapuwo, chakuno kwathu, pali maina aŵiri amene sitiwamva chilendo: Maravi ndi Lundu. Mwana wa ku Mulanje akaona dzina la Lundu litalembedwa pamodzi ndi France ndi Portugal, sangaleke kufunsa kuti Lunduyo adali yani.

Adali mfumu ya Amang'anja m'chigwa cha Shire. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1500 mphamvu zake zidafalikira chakum'maŵa, kupyola dera lino la Mulanje, kuloza kunyanja ya mchere kumene minyanga ya njovu inkagulidwa. Mu 1622 Muzura, mfumu inanso ya Amaravi, adamgonjetsa mothandizidwa ndi Apwitikizi. Pa kompyuta mwana angathe kumpambanitsa Lundu mpaka kupirikitsa Apwitikiziwo, ndipo mpamene mphunzitsi wanzeru ayenera kumfunsa chifukwa chake zinthu sizidayende choncho. Ufumuwo sudafe ayi. Mpando wa Lundu ulipobe ku Chikwawa.

Tsono maseŵerowa amalekera mu 1821, pamene zoŵaŵa zenizeni za Mulanje zinali zisanafike. Ayao adadza kuno cha m'ma 1860, ndipo mafumu monga Matipwiri ndi Mkanda adagwira njira za malonda. Magulu a akapolo ankadutsa pa mpata wa pakati pa phiri la Mulanje ndi la Michesi, ulendo wa ku Quelimane. Pofuna kutseka njirazi, Angerezi adamanga malinga aŵiri mu 1893: Fort Lister pa mpatawo, ndi Fort Anderson, dzina limene boma lino linkadziŵika nalo kale. Pambuyo pake Alhomwe adabwera mwaunyinji kuchokera ku Mozambique, ambiri nkuloŵa ntchito m'minda ya tiyi.

Zimenezi sizili m'maseŵero aja. Amene angamsimbire mwana ndi agogo ake, ndiponso mabwinja a Fort Lister, amene tsopano ali m'boma la Phalombe, pomwe zotsala za linga ndi manda zikuonekabe pakati pa mapiri aŵiriwo.