Mapulani a Mitu ya Sitima ya ku Gorton

Ku fakitale ya Beyer, Peacock, imene inatsegulidwa ku Gorton mumzinda wa Manchester mu 1854, mutu uliwonse wa sitima yoyendera nthunzi unkayambira papepala chitsulo chisanalowe m'ng'anjo. Amisiri ankayamba ndi pulani yaikulu yoonetsa mutu wonse ngati waudula pakati, kenako ankajambula padera magudumu, boila yowiritsira madzi ndi tizitsulo tina tonse, n'kukopera zonsezo ndi inki pansalu yopyapyala yoonekera, imene ankapangira makope abuluu opita kwa osula.

Fakitaleyi itatsekedwa mu 1966, mapulani ambiri anapulumuka, ndipo akusungidwa ku Science and Industry Museum ku Manchester. Kumeneko n'kumene amafufuza anthu ofuna kusula okha timitu tating'ono ta mtundu wa Garratt, wokhala ndi boila imodzi pakati pa magulu awiri a magudumu, umene Rhodesia Railways inkayendetsa m'mayiko amene lero ndi Zambia ndi Zimbabwe. Pulani imaposa chithunzi chifukwa imapereka muyeso ndiponso sibisa zam'kati, ngakhale kuti imaonetsa mutuwo monga unatulukira m'fakitale, amakaniko a Rhodesia Railways a ku Bulawayo asanausinthe pokonza.