Mitambo Yamdima ya mu Mlalang'amba ndi Kayezedwe Kake

Mitambo yamdima ya mu Mlalang'amba ndi milu ikuluikulu ya mpweya ndi fumbi imene ili pakati pa nyenyezi, ndipo nyenyezi zatsopano zimabadwira mmenemo. Imazizira koopsa, mpaka madigiri 260 kunsi kwa ziro. Umodzi umaoneka ndi maso kwa munthu amene waima panja ku Mtakataka, ku Golomoti kapena ku Mua madzulo a mu Meyi ndi Juni, utsi wa lupsa usanadetse kumwamba. Akayang'ana kummwera, pambali pa nyenyezi zinayi za Mtanda wa Kummwera pali banga lakuda bii, ngati pamene pakhuthulidwa makala. Akatswiri amalitcha Coalsack. Si dzenje ayi, ndi mtambo umene fumbi lake latchinga nyenyezi za kuseri kwake. Kuwala kumatenga zaka pafupifupi 600 kuchoka kumeneko kudzafika kuno.

Kuyeza mpweya wa m'mitamboyi n'kovuta. Wochuluka ndi haidrojeni wa maatomu ogwirana awiriawiri, ndipo ukazizira chonchi sutulutsa chizindikiro chimene makina angagwire. Wa maatomu oyenda paokha ndiye sunavute: mafunde ake a masentimita 21 anagwidwa mu 1951. Njira yoyezera wa maatomu awiriawiri uja inapezeka mu 1970, pamene Robert Wilson, Keith Jefferts ndi Arno Penzias anapeza mpweya wa carbon monoxide mu mtambo wa Orion. Mpweya umenewu umapezeka pamene pali haidrojeni wobisikayo, choncho akauyeza amayerekezera kuchuluka kwa winayo. Komabe kuyerekezera kumasiya mpata wolakwitsa.

Chimene chinathandiza ndi ma cosmic ray, tizidutswa ta maatomu tothamanga pafupifupi liwiro la kuwala, timene Victor Hess anatitulukira mu 1912 atakwera m'chibaluni kupitirira mamita 5,000. Tambiri ndi maprotoni. Tikalowa mu mtambo timaombana ndi maatomu a mpweya, n'kutulutsa cheza champhamvu cha gamma. Ubwino wake ndi wakuti tizidutswati sitisankha: timaomba mpweya uliwonse, wooneka ndi wobisika womwe. Choncho cheza chikachuluka pena pake, ndiye kuti pali mpweya wambiri kapena tizidutswa tambiri, ndipo amene akudziwa chimodzi angathe kupeza chinzake.

Mu 2005, Isabelle Grenier ndi anzake ku France anatsata njira imeneyi n'kupeza kuti m'mphepete mwa mitambo yapafupi muli mpweya wambiri umene njira zakale zija zinkauphonya. Setilaiti ya Fermi, yoponyedwa mumlengalenga mu 2008, ndi ya Planck, yoyeza kutentha kwa fumbi kuyambira 2009 mpaka 2013, zinatsimikiza zimenezi. Pakati pa mitambo imene inayezedwa mosamala pali ya Chamaeleon, imene ili cha m'munsi mwa Mtanda uja, ngakhale kuti maso okha sangaione bwino. Zotsatira zake n'zokhutiritsa: mphamvu za ma cosmic ray m'mitambo yapafupi sizisiyana kwenikweni ndi zimene zimayezedwa pafupi ndi dziko lathu.

Kuno kummwera kwa Africa ntchitoyi ikuchitika ku Namibia, kumene matelesikopu a H.E.S.S. akhala akuyeza cheza cha gamma kuyambira 2002. Oyambirira anali anayi, ndipo yachisanu, yotalika mamita 28 m'mimba mwake, inawonjezedwa mu 2012.