Kodi Nsalu Zopeta Zinayamba Liti Kulowa M'felemu?

FUNSO: Agogo anandisiyira kansalu kopeta maluwa ndipo ndikufuna kukapachika pakhoma. Kodi mwambo woika nsalu m'felemu ndi wakale bwanji? Nanga ndingomata ndi guluu? Mayi wa ku Zomba.

YANKHO: Mayi, guluuyo musiyeni kaye m'botolo. Kupeta ndi luso lakalekale, koma felemu ndi mlendo. Ku England kuli kansalu kamene Jane Bostocke anapeta mu 1598, kosungidwa ku Victoria and Albert Museum mu London. Tinsalu totere sitinali tapakhoma: mayi ankapetapo zitsanzo za masokedwe, n'kukulunga, n'kuika m'bokosi la singano kuti azioneramo. Cha m'ma 1700, atsikana a sukulu atayamba kupeta zilembo ndi mavesi, makolo anafuna kuti alendo aone. Felemu inabwera ndi kudzitama kwa makolo, matenda amene mpaka lero alibe mankhwala.

Koma pankhani yosunga nsalu, ine mtima wanga uli ku Bayeux, m'dziko la France. Kumeneko ndi kwawo kwa Bayeux Tapestry, nsalu ya bafuta yotalika pafupifupi mamita 70, m'lifupi theka la mita, yopetedwa ndi ulusi wa ubweya wa nkhosa. Imafotokoza mmene William wa ku Normandy anagonjetsera England mu 1066. Anthu amakonda kunena kuti anaipeta Mfumukazi Matilda, mkazi wa William, ndi adzakazi ake podikira mwamuna kunkhondo. Ndi nthano yokoma, koma ndi nthano basi. Akatswiri ambiri amati anaitanitsa ndi Bishopu Odo, m'bale wake wa William, ndipo anaisoka ndi amisiri a ku England cha m'ma 1070. Dzina la mfumu limakonda kumeza thukuta la osoka.

Kaundula wa katundu wa tchalitchi cha Bayeux wa mu 1476 amasonyeza kuti ankaipachika kamodzi pachaka, masiku ochepa, kenako n'kuisunga. Mdima wa komwe ankaisungako ndiwo unaiteteza. Mu 1792, nthawi ya kuukira boma, inatsala pang'ono kusanduka chofunditsira ngolo ya asilikali. Anaipulumutsa ndi loya wina wa m'tauniyo.

Tsono imvani izi. Kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1800, oisamalira anaikulunga pa chimtengo chozungulira chokhala ndi chogwirira, chonga chija chotsitsira ndowa m'chitsime. Mlendo akabwera, mlonda ankapukusa, nsalu n'kumayenda pathebulo, nkhondo yonse n'kudutsa pamaso pake, akatha, ankaikulunganso. Mlendo wina, kupukusanso. Tangoganizani, bafuta wa zaka zoposa 700 akukokedwa ndi kukhuzidwa chonchi kwa zaka makumi angapo, ndi anthu amene ankati akuisamala! Nkhondo inailephera, akuba anailephera, koma chikondi cha oionetsa chinaiperepesa. Mu 1842 ndi pamene anaiika kuseri kwa galasi. Ine ndikanakhala ndi mphamvu, chimtengo chimenecho ndikanachijambula pakhomo la sitolo iliyonse yopanga mafelemu.

Tibwerere ku kansalu ka agogo. Njira yabwino ndi yomwe mungathe kumasula mawa osawononga kanthu. Pezani katoni kolimba kopanda asidi, mukakute ndi nsalu ya thonje yochapa. Yalanipo kansaluko, pindirani m'mbali kumbuyo, ndipo mulumikize mbali zoyang'anana ndi ulusi wolimba, kupita ndi kubwera, mpaka kawongoke koma osakakoka mopyola. Guluu ndi tepi zimauma, zimasiya madontho achikasu osachoka. Misomali ndi mapini achitsulo wamba amachita dzimbiri. Thabwa losakuta limadetsa nsalu pang'onopang'ono.

FUNSO: Nanga galasi n'lofunika?

YANKHO: Limatchinga fumbi ndi utsi, koma lisakhudze nsalu. Siyani kampata poika chimango cha katoni pakati, apo ayi ulusi umaphwatalala ndipo m'dzinja chinyezi chimabweretsa nguwi. Musapachike poomba dzuwa kapena pafupi ndi khitchini, chifukwa mtundu ukasuluka subweranso. Ndipo kumbuyo kwa katoni lembani ndi pensulo dzina la agogo ndi chaka chimene anapeta, kuti adzukulu asadzafunse kuti anasoka ndani.