Ekonomiya Inayambira pa Khomo

Tsiku lina nditatha kuwerenga nkhani pa wailesi yathu, mayi wina anaimba foni. Anati: "Abambo, mukuti ekonomiya yakula. Ekonomiyayo n'ciyani, pomwe kwathu nkhokwe yatha Khirisimasi isanafike?" Ndinawayankha mozungulira, ndipo ndinacita manyazi. Nditapita kukafufuza kumene mawuwa anacokera, ndinapeza kuti mayi aja analoza pamalo pake penipeni pochula nkhokwe.

Mawu akuti economia tinawalandira kwa Apwitikizi, koma eni ake ndi Agiriki akale. Iwo ankati oikonomia. Gawo loyamba, oikos, ndi nyumba pamodzi ndi anthu ake, minda, ziweto ndi katundu yense, cimene ife timati pakhomo. Gawo laciwiri likucokera ku nemein, kutanthauza kugawa kapena kuyendetsa. Conco oikonomia kunali kuyendetsa khomo: kudziwa colowa, cotuluka ndi cosunga.

M'zaka za m'ma 300 Khristu asanabadwe, Xenophon wa ku Athens analemba buku lochedwa Oikonomikos. M'menemo Socrates akukambirana ndi anzake za kulima, kusunga zokolola ndi kuika cinthu ciliconse pamalo pake. Tisabise: khomo limenelo linali ndi akapolo, ndipo mwini munda wa m'bukulo, Ischomachus, anakwatira mtsikana wosakwana zaka 15. Komabe nchito yoyang'anira zimene zalowa m'nyumba ndi kuzigawa kuti zikwane caka conse inali m'manja mwa mkaziyo.

Aristotle anawonjezera mfundo imene mpaka lero ikadali yamoyo. Iye anasiyanitsa oikonomia ndi chrematistike, luso losaka ndalama. Anaona kuti zosowa za pakhomo zili ndi malire, pakuti munthu akakhuta amasamba m'manja, koma wosaka ndalama cifukwa ca ndalama zokhazo sakhuta.

Patapita zaka mazana ambiri, mawuwa anacoka pakhomo n'kupita kubwalo la mafumu. Mu 1615 Mfalansa wina, Antoine de Montchrestien, anatulutsa buku la ekonomiya ya ndale, poona dziko lonse ngati khomo limodzi lalikulu lofunika kuliyendetsa mwanzeru. Mu 1776 Adam Smith wa ku Scotland anatulutsa buku lake lonena za cuma ca maiko. Mu 1890 Alfred Marshall wa ku Cambridge analemba Principles of Economics, ndipo dzina lalifupilo linakhazikika ngati dzina la maphunziro apadera, odzaza ndi masamu ndi mitengo ya zinthu. Mawu aja atafika kuno, nkhokwe inali itaiwalika, ndipo anamveka ngati nkhani ya anthu a mataye a ku Maputo.

M'Cinyanja timangoti "zacuma". Mawuwa ndi abwino, koma amachula katundu yekha, osachula nchito yomusamala. Cipwitikizi cinasungako pang'ono tanthauzo lakale m'mawu akuti economizar, kusawononga. Agogo athu ankalidziwa tanthauzo limeneli popanda Cigiriki. Mayi wa ku Angónia amene amapatula cimanga ca mbewu, cakudya ndi cogulitsa, kapena msodzi wa ku Metangula amene amayanika usipa kuti adzagulitse nthawi ya mwera, akucita oikonomia yeniyeni.

Ciwopsezo n'cakuti tikasiya mawuwa kwa ophunzira okha, tidzasiyanso ufulu wofunsa. Munthu amene akukhulupirira kuti ekonomiya si nkhani yake safunsa cifukwa cimene amagulitsira cimanga motchipa pokolola n'kudzacigulanso modula m'miyezi ya njala. Mayi aja anafunsa, ndipo akadzaimbanso ndidzawauza kuti mawuwo anabadwira pakhomo ngati pawo. Ndidzapitiriza kuwerenga manambala a cuma ca dziko pa wailesi, koma ndikamaliza ndizifunsa omvera kuti m'nkhokwe mwatsala madengu angati.