Mkaka wa ku Zimbabwe ndi manja amene ankaukama

Cha mu 1990, mafakitale a mkaka ku Zimbabwe ankalandira malita pafupifupi 260 miliyoni pa chaka. Mu 2009 analandira malita osakwana 40 miliyoni. Mukagawa ndi chiwerengero cha anthu, ndiye kuti dziko limene linkakama malita 25 pa munthu aliyense pa chaka linatsala ndi malita atatu. Atatu basi, chaka chonse. Ng'ombe za mkaka, kuwerengera ndi ana ake omwe, zinali zoposa 100,000 pa nthawi yabwinoyo. Pofika cha mu 2010 zinali zosakwana 30,000. Manambala amenewa ndi a mkaka wopita kufakitale, osati uja amakama mnyamata kumudzi m'kachigubu kuti agogo athire m'tiyi, koma ndi omwe amaonetsa kukwera ndi kugwa kwa ulimi umenewu.

Nkhaniyi imakambidwa kawirikawiri, ndipo okamba ake amagawikana pawiri. Ena amati onani zimene Mugabe anachita. Ena amati mkakawo unali wa azungu, uzipita. Ine mbali zonsezi zimanditopetsa, chifukwa zonse zimawerenga ng'ombe ndi malita n'kuiwala munthu amene ankadzuka 3 koloko m'bandakucha kukatsuka mawere a ng'ombezo. Munthu ameneyo, pa mafamu ambiri, ankalankhula Chichewa.

Tiyambe ndi nthaka. Lamulo la Land Apportionment Act la 1930 linapatsa azungu pafupifupi theka la dziko la Southern Rhodesia, ndipo theka lakelo linali lija lokwera, lozizira bwino, la mvula yodalirika, motsata njanji. Ng'ombe za Friesian ndi Jersey sizifuna dzuwa la kuchigwa, choncho makola a mkaka anamera kuzungulira Salisbury, Marandellas, Beatrice, Gwelo ndi kumapiri a Chipinga. Mu 1952 boma linakhazikitsa Dairy Marketing Board. Ntchito yake inali kugula mkaka wonse wa alimi olembetsedwa pa mtengo woikidwa ndi boma, kuukonza ndi kuugulitsa. Mlimi sankagona ndi nkhawa ya msika. Anthu akamatama luso la alimi a nthawi imeneyo, ndipo luso analidi nalo, azikumbukiranso kuti boma linawayalira mphasa: malo aulere kapena otchipa, ngongole, dibi, madokotala a ziweto, msika wotsimikizika.

Chinthu chimodzi chimene boma linavutika kuwapezera chinali antchito. Ashona ambiri sankafuna ntchito ya pafamu. Malipiro anali ochepa, ndipo mvula ikagwa munthu ankafuna kukalima kwawo. Apa ndi pamene ife tikulowera. Kunali magalimoto a Ulere onyamula anthu ochokera kumpoto osalipiritsa, ndipo mu 1946 kunabadwa bungwe lolemba anthu ntchito la Rhodesia Native Labour Supply Commission, lomwe kwathu linkadziwika kuti Mthandizi. Dzina lokoma, eti? M'zaka za m'ma 1950, oposa theka la antchito a m'mafamu a dzikolo anali obwera, ochokera ku Nyasaland, ku Mozambique ndi ku Northern Rhodesia. Kwa mlimi wa mkaka, munthu wotere anali wofunika kuposa golide. Ng'ombe siidziwa Sabata, siidziwa Khirisimasi, siidziwa maliro. Imakamidwa kawiri pa tsiku, ndipo mukaidumphitsa, bere limatupa, matenda amalowa, mkaka umatsika. Munthu amene kwawo n'ku Ntcheu kapena ku Dedza sangatsanzike Lachisanu kuti akapalire munda. Ankakhala pakomboni chaka ndi chaka, n'kukwatira pompo, n'kubereka ana amene nawonso anadzakhala okama. Kwathu tinkawatcha matchona; kumeneko ankawatcha Mabhurandaya, kutanthauza a ku Blantyre, ngakhale ena mwa iwo Blantyre anangoiona podutsa. Gule wamkulu amene amavinidwa m'mafamu ndi m'migodi ya Zimbabwe mpaka lero anapita ndi anthu amenewa.

Ufulu utabwera mu 1980, mkaka sunatsike. Unakwera. Izi anthu ambiri amazidumpha. Malipiro a antchito m'matauni atakwezedwa, mabanja amene kale ankamwa tiyi wopanda mkaka anayamba kugula Lacto ndi Chimombe, mpaka mkaka unayamba kuchepa m'masitolo. Boma linakweza mtengo wogulira kwa alimi, alimiwo anawonjezera ng'ombe, ndipo ndi thandizo la dziko la Norway mafamu analandira matanki oziziritsira mkaka m'malo mwa zigubu zodikira lole pamsewu. Mu 1983 kunayambanso Dairy Development Programme, yofuna kulowetsa alimi akuda ang'onoang'ono mu ulimiwu, kuyambira ku Marirangwe, kenako malo ngati Nharira, Gokwe ndi Rusitu. Cholinga chinali chabwino, koma mkaka wa alimi amenewa sunafike ngakhale gawo limodzi mwa magawo khumi a mkaka wa dziko. Chimake cha 1990 chija chinali cha mafamu akuluakulu mazana ochepa chabe, ambiri a azungu. Dziko lonse linkamwera m'chikho chogwiridwa ndi anthu owerengeka.

Ndiye kutsika kunayamba liti? Osati mu 2000 ayi. Mu 1991 boma linalowa m'ndondomeko ya ESAP, yolimbikitsidwa ndi World Bank ndi IMF. Thandizo la boma pa mitengo linachotsedwa, chiwongoladzanja kumabanki chinakwera, zakudya za ng'ombe zinadula. Pomwepo kunagwa chilala cha 1991/92, chija ifenso ku Malawi tinadya chimanga chachikasu. Ng'ombe ya mkaka imadya chimanga, madeya, nseche za thonje ndi soya, ndiye chaka cha njala imapikisana ndi munthu. Alimi ena anagulitsa ng'ombe n'kuyamba maluwa ndi ndiwo zotumiza ku Ulaya. Dairy Marketing Board inasanduka kampani, Dairibord, n'kulowa pamsika wa masheya mu 1997, ndipo pasanapite nthawi inadzagula gawo lalikulu la fakitale yathu ya mkaka ya ku Blantyre. Pofika 2000, mkaka wa dziko unali utatsika kale pansi pa malita 200 miliyoni. Pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi linali litapita munthu asanakhome chikhomo pa famu ya mwini.

Koma zimene zinatsatira sizingafanizidwe ndi zimenezo. Mu February 2000 anthu anakana malamulo atsopano a dziko pa referendamu, ndipo masabata omwewo kulanda mafamu kunayamba. Za chilungamo cha nkhani ya malo sindikangana ndi munthu: anthu 4,000 ndi kanthu sakanapitiriza kukhala pa nthaka yabwino yochuluka chonchija mpaka kalekale. Funso langa ndi la ng'ombe. Pa zinthu zonse zapafamu, khola la mkaka ndi lomwe silipirira chisokonezo ngakhale cha sabata imodzi. Mkaka ukangotuluka m'bere uyenera kuzizira mpaka madigiri 4 pasanathe maola ochepa, apo ayi wasasa, ndipo fakitale siulandira. Ndiye pafunika magetsi, pafunika dizilo wa lole, pafunika mankhwala a nkhupakupa, pafunika chimanga chodula chachiwisi chosungidwa m'dzenje chodyetsa m'chilimwe. Zonsezi zinasowa nthawi imodzi. Mu 2007 boma linalamula kuti mitengo ya katundu idulidwe, mu 2008 ndalama inasanduka mapepala, ndipo mlimi amene anali adakali pafamu ankapereka mkaka lero n'kudzalandira ndalama yosagula ndi thumba limodzi la madeya. Njira yotsala inali kubutchala. Ng'ombe ya Holstein yopereka malita 20 pa tsiku, yosankhidwa mbewu yake kwa mibadwo ingapo, inkagulitsidwa pa sikelo ngati nkhunzi yokalamba.

Apa ndi pamene mkaka umasiyana ndi fodya, ndipo kusiyanaku kumandigwira mtima. Fodya wa Zimbabwe nayenso anagwa, kuchoka pa makilogalamu oposa 230 miliyoni mu 2000 kufika pansi pa 50 miliyoni mu 2008. Koma pofika 2018 anali atadutsa 250 miliyoni, ndipo ambiri olima anali alimi ang'onoang'ono amene analandira malo. Fodya mumafesa mu June, mu March muli kuokushoni. Ng'ombe ayi. Imakhala ndi bere miyezi isanu ndi inayi. Theka la ana obadwa ndi amphongo, opanda ntchito kukhola la mkaka. Wamkaziyo mumudyetse zaka ziwiri kapena kuposa asanakupatseni dontho. Pamene mukudikira, amake akukalamba, ina yafa ndi nkhupakupa, ina yakana kutenga bere. Ng'ombe 10,000 mutha kuzipha mwezi umodzi. Kuzibweza ndi ntchito ya zaka. Palibe nduna imene ingafupikitse bere la ng'ombe.

Sikuti makola onse anatha. Ena anangosintha mwini. Famu ya Foyle ku Mazowe, imodzi mwa zotchuka pa mkaka, inasanduka Gushungo Dairy ya banja la Mugabe, ndipo mu 2009 kampani ya Nestlé inalengeza kuti yasiya kugula mkaka kumeneko dziko lapansi litachita phokoso. Akuluakulu ankadziwa bwino lomwe mtengo wa khola loyenda bwino.

Nanga okama aja? M'mafamu akuluakulu munali antchito oposa 300,000, osawerengera akazi awo ndi ana. Amene analandira malo anali ochepa kwambiri, ndipo kwa a kwathu zinali zovuta kawiri. Pogawa malo ankafunsa kwanu, mfumu yanu, chitupa chanu. Munthu wobadwira pakomboni ku Beatrice, bambo ake a ku Mulanje, mfumu yake ndani? Kenako mu 2001 lamulo la unzika linasinthidwa: aliyense amene akanatha kukhala nzika ya dziko lina anayenera kukakana unzika umenewo mwalamulo, apo ayi wa Zimbabwe watha. Anthu amene Malawi sanaiponde n'kamodzi komwe anauzidwa kuti ndi alendo, ndipo ambiri analephera kuvota. Malamulo a dziko a 2013 ndi amene anabwezera unzika kwa obadwira ku Zimbabwe amene kholo lawo linachokera m'dziko la SADC, koma zaka khumi ndi ziwiri zinali zitadutsa.

Malume anga anali mmodzi mwa okamawo, pa famu ina kufupi ndi Marondera, zaka zoposa makumi awiri. Sukulu analekeza Sitandade 3, koma ng'ombe ikangolowa m'khola ankadziwa poyenda pake kuti mawa idwala. Ankadziwa yofuna nkhunzi, yoyenera kuumitsidwa miyezi iwiri isanabereke, yomenya mateche ikamva dzanja lachilendo. Ng'ombe zitatengedwa pa malole, iwo anatsala pakomboni kumagwira ganyu m'minda ya eni atsopano, kulipidwa chimanga pa ndowa. Atabwera kuno kudzaona manda a amayi awo ndinawafunsa ngati sangafune kusunga ng'ombe imodzi ya mkaka ngati anzawo a ku Thyolo. Anaseka, amvekere: “Mphwanga, ine ndinazolowera mazana awiri. Imodzi ndingayambe kucheza nayo.” Anabwerera, chifukwa ana ndi zidzukulu zonse zili konko. Luso ngati lawo nalonso ndi khola: limakula pang'onopang'ono, bambo kuphunzitsa mwana, ndipo linamwazika m'migodi ya golide ya m'tchire, m'misika ya Mbare ndi ku Johannesburg. M'malipoti a mkaka mulibe mzere wake.

Kuchira kunayamba mu 2009, dziko litayamba kugwiritsa ntchito dola ya America. Poyamba masitolo anadzaza ndi mkaka wa m'mabokosi wa ku South Africa, ndipo mafakitale ankasungunula wa ufa wogula kunja. Kenako makampani okonza mkaka, poona kuti makina awo angokhala, anayamba kuitanitsa ng'ombe zazikazi za bere kale kuchokera kunja n'kumazipereka kwa alimi pa ngongole yobweza ndi mkaka. Boma linaika msonkho pa mkaka wolowa. Mu 2018 dziko linakama malita pafupifupi 75 miliyoni, mu 2022 oposa 90 miliyoni, ndipo mu 2024 linadutsa 110 miliyoni. Ng'ombe zinafika cha m'ma 60,000. Nyuzipepala za boma zimaimba nthungululu chaka chilichonse, ndipo ndikuvomereza, kuchulukitsa mkaka katatu si masewera. Koma masamu ake ndi owongoka: theka la ng'ombe za 1990, mkaka wosafika theka la wa 1990, pamene anthu anachoka pa 10 miliyoni kufika pa 15 miliyoni. Zaka khumi ndi zisanu zokwera sizinabweze zimene zinatayika m'zaka zisanu ndi zinayi.

Ndipo mkaka wambiri ukuchokerabe m'makola akuluakulu ochepa, monga kale, kungoti eni ake tsopano ndi osakanikirana. Makola otere amafuna msipu wothiriridwa, msipu umafuna malo. Mu 2021 boma linatulutsa chilengezo chopatula malo a anthu a mtundu wa Shangaan ku Chilonga, m'boma la Chiredzi, kuti padzalidwe lucerne, udzu wodyetsa ng'ombe za mkaka. Anthu masauzande anauzidwa kuti akonzeke kuchoka pa nthaka imene pali manda a makolo awo, ndipo anathamangira kukhoti.