Mbiri Yolembedwa pa Mapale

Munthu wokumba chitsime m'dziko lathu lino, akakhala wa maso openya, sachedwa kuzindikira kuti nthaka siili ya mtundu umodzi kuyambira pamwamba kufikira pansi. Khasu liyamba ladula dothi lakuda lonona, limene ladetsedwa ndi masamba ndi mizu yovunda. Pansi pake pabwera katondo wofiira, amene afiira chifukwa cha chitsulo chili m'menemo. Kutsikirako akomana ndi nsangalabwi, ndipo potsiriza afika pa mwala wofumbutuka, umene mvula ya zaka zosawerengeka yakhala ikuudya pang'onopang'ono. Mwala wovundawo ndiwo mayi wa dongo. Madzi atenga fumbi lake losalala, natsika nalo kumadambo ndi m'mbali mwa mitsinje, nalisanja kumeneko chaka ndi chaka, ndipo chiswe nachonso chilitulutsa kuchokera pansi pomanga zulu zake.

Makolo athu anadziwa kusiyanitsa madothi amenewa kalekale, sukulu isanafike. Anadziwa kuti makande a kudambo, amene amata makasu m'dzinja ndi kung'ambika ming'alu yolowa dzanja m'chilimwe, sayenera kuumbira mbiya paokha, pakuti atupa akamwa madzi, nanyala kwambiri akauma. Chifukwa chake amayi oumba ankayenda mtunda kukafuna mtapo woyenera, naupinda m'zala kuti aone ngati uthyoka, ndipo ukakhala wonona mopitirira ankausakaniza ndi mchenga kapena mapale osinja. Anzeru a masiku ano atiuza chifukwa chake: timbewu ta dongo n'tating'onong'ono, tosafika mamilimita 0.002, ndiponso n'taphanthiphanthi, kotero kuti madzi akalowa pakati pake titerereka popanda kulekana, ndipo dongolo limvera dzanja la muumbi.

Ntchitoyi inali ya akazi, ndipo inali ndi mwambo wake wolemera. Mayi ankaponda dongo, nachotsamo timiyala ndi timizu, naumba nkhali, mtsuko kapena mbiya ya mowa popanda gudumu lililonse, dzanja lina m'kati, lina kunja, mpaka khoma litakwera lolingana ponseponse. Likayamba kulimba ankalikulungiza ndi mwala wosalala wa kumtsinje, nalemba mizere pakhosi pake. Mbiya inkauma pamthunzi masiku ambiri, pakuti dzuwa likaifulumiza ing'aluka. Pa nyengo youmba ndi yootcha, muumbi ankadika, osakhala malo amodzi ndi mwamuna wake, poopa kuti munthu wotentha aswetsa mbiya pamoto. Ndipo moto wa nkhuni ndi makungwa ukapyola madigiri 600, dongo litaya madzi obisika m'thupi mwake, lisanduka chinthu china chimene mvula singathe kuchibwezera ku matope.

Apa ndipo pagona phindu la ntchitoyi kwa ife obadwa m'mbuyo. Nyumba za makolo zinagwa, nkhokwe zinadyedwa ndi chiswe, makasu anatha ndi dzimbiri, koma phale likhala m'nthaka zaka zikwi osavunda. Ndipo popeza dothi lisanjikizana, la lero pamwamba pa la dzulo, phale lopezeka pansi ndilo lakale koposa lopezeka pamwamba, malinga ngati khasu kapena nyama yokumba sinasokoneze malowo. Kuona maso a nkhono n'kudekha: wofukula zakale apala dothi pang'onopang'ono, nalemba kuya kwa phale lililonse, natola makala a pambali pake kuti akayesedwe zaka.

Motero anachita Keith Robinson ku Nkope, m'boma la Mangochi, ndipo zimene anapeza zinasindikizidwa mu 1970. M'munsi mwa nthaka ya kunyanjako munali mapale ochindikala, a milomo yonenepa yolembedwa mizere, pamodzi ndi zotsalira za ng'anjo zosungunulira chitsulo. Ndipo makala anaonetsa kuti eni ake anakhalapo m'zaka za m'ma 300 ndi 400 Ambuye atabadwa. Awa ndiwo alimi ndi osula oyamba amene anapeza Akafula akusaka nyama m'dziko muno. Pambuyo pawo panadza maumbidwe ena, amene atchedwa ndi maina a mapiri kumene anayamba kupezeka: a Kapeni ku Ntcheu, ndi a Mawudzu ku Mangochi. A Mawudzu ndiwo a nthawi ya Amaravi. Ndipo pamene Dr. Yusuf Juwayeyi anafukula ku Mankhamba, likulu la Kalonga, mfumu ya Amaravi, pafupi ndi Mtakataka, anawapeza ochuluka pamodzi ndi mikanda yagalasi, mkuwa, minyanga ya njovu ndi zidutswa za mbale za ku China, umboni wakuti mfumuyo inkachita malonda ndi a kunyanja yamchere. Chimene agogo ankasimba pakamwa za mudzi wa Kalonga, nthaka inachivomereza. Zoonadi mawu a akulu akoma akagonera.

Lero mapoto achitsulo ndi zigubu zapulasitiki zalanda malo a nkhali ndi mtsuko, ndipo atsikana ofuna kukhala pambali pa agogo awo kuphunzira kuumba achepa. Sitinena kuti anthu aleke zatsopano, pakuti chigubu chipepuka pamutu ndipo sichisweka panjira. Koma tiyenera kukumbukira kuti amayi amene maina awo sanalembedwe m'buku lililonse ndiwo anatisungira mbiri ya zaka zoposa 1,500. Chifukwa chake mlimi akatukula mapale olembedwa m'munda mwake, asawamwaze ndi khasu, koma adziwitse mfumu ndi a nthambi ya boma yosunga zakale. Ndipo kumene kukali mayi wodziwa mtapo wabwino, ana a sukulu apite akaphunzire kwa iye akali ndi moyo.